Dima la Mkamwini Wosamwa

Titangotha kukolola chaka chimenecho, alongo anga a Yosefe anabwera pakhomo panga masanasana. Ndinawapatsa mpando, anaukana. Anayankhula ali chiimire, maso ali kuphiri.

"Felista, munda wa pamtunda uja amayi anatisiyira kuti uzilimidwa, osati muziswana njoka. Dzinja likubwerali ukapanda kudzaza fodya mpaka pachulu, bambo a Susana akulunge mphasa yawo abwerere kwawo ku Ntchisi. Ndatha."

Anatembenuka n'kumapita. Amuna angawo, a Andireya, anali m'nyumba ndipo anamva zonse, koma sanatuluke chifukwa mutu unali ukuwawaza ndi mowa wa dzulo lake. Pamudzi pathu iwo anali mkamwini, a Yosefe ndiwo mwini mbumba. Akati munthu apite, ankapitadi. Mwamuna wa mng'ono wanga anachoka momwemo, kasutikesi kali pamutu.

Ndinakwiya kwambiri, koma ndikanatsutsa chiyani? Amuna anga ndinkawakonda, ndipo sindibisa. Anali munthu woti ngakhale utakhala ndi njala akuseketsa mpaka kugwira m'mimba, wosamenya, wosatukwana. Koma mowa unawapanga kapolo. Akagulitsa kafodya kochepako ku Admarc, ndalama zinkatsikira m'mabala a pa Madisi osafika pakhomo. Ankatulukira patapita masiku, m'thumba muli kasopo kamodzi kopepesera. M'mawa anzawo akulunjika kumunda, iwo ali lambalamba pamphasa. Akadzuka ankayamba apichira fodya wa chingambwe, kenako chifuwa, chotsokomola mpaka nkhuku kubalalika pakhonde. Mzere umodzi ankaupumira pakati. Munda tinkalima theka, kumtunda konse kuli tchire lokhalokha.

Mawu a alongo anga sanawasinthe, chinawasintha ndi chifuwacho. Nyengo yozizira itafika chinawagwetsa, moti tinachita kuwanyamula pangolo ya eni kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Mbuzi yanga yomaliza inathera pa ulendo umenewo. Adokotala atawamvetsera pamsana ndi pachifuwa anawafunsa kuti, "Bambo, mumalima fodya wa chikopa, eti? M'kati mwa chigafa chomwe mumafukiziramo mumaoneka bwanji?"

"Mwakuda bii," anayankha a Andireya.

"Ndi mmenenso mulili m'chifuwa mwanu. Mukafuna kudzaona mwana wanu akukwatiwa, siyani zonse ziwiri, fodya ndi mowa."

Tinabwerera kumudzi pangolo yomweyo. Titafika anatenga kachikwama kawo ka fodya n'kukaponya pamoto, ine n'kumangoyang'ana, osakhulupirira.

Masabata oyamba ndinatsala pang'ono kuwathamangitsa ndekha, alongo anga asanavutike. Munthu wansangala uja anasanduka mavu. Ndiwo ati zachepa mchere, ukathira ati zawawa. Pakamwa pakawayabwa ankatafuna nzimbe, khonde lonse makoko okhaokha, wosesa ndine. Mnzawo wa ku mowa, a Elifala, ankadutsa dala pakhomo madzulo aliwonse n'kumaimba mluzu. Amuna anga ankagwira chitseko ndi manja awiri ngati chikufuna kuwathawa, koma sanatuluke.

Kenako zinthu zinayamba kusintha ndikuona ndi maso angawa. Nkhuku zikalowa m'khola, nawonso ankalowa m'nyumba. Kukangoti mbee, ndimve nkhwangwa ikulira kuseri. Anayamba kufuna phala la mgaiwa lothira nsinjiro asanagwire ntchito, munthu woti kale m'mawa sankalawa kanthu koma utsi. Bonongwe ndi nkhwani, zomwe ankazinena kuti ndi chakudya cha mbuzi, ankachita kunyambita mbale. Masaya anabwerera. Chifuwa chinatha, moti Susana, mwana wathu, tsiku lina anandifunsa ngati bambo ake achoka, poti sanawamve akutsokomola.

Anayamba kusema mipini ndi mitondo n'kumakagulitsa tsiku la msika. Ulendo woyamba ndinakhala pakhonde mtima uli m'mwamba, chifukwa njira ya kumsika imadutsa pakhomo pa mayi wina wotcheza kachasu. Dzuwa lisanapendeke ndinawaona akukwera chitunda, m'manja muli keni yatsopano yothirira nazale, ikuwala. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Msika wina anabwera ndi makadi a chipani, langa ndi lawo, kuti anyamata a chipani oima pachipata cha msika asiye kutibweza. Kenako feteleza. Kenako kambuzi kakakazi, kofiira, komwe anadzandipatsa chingwe chake m'manja nati, "Iyi ndi ija munagulitsa chifukwa cha ine." Ndalama zake zinali zomwe zija za kale, kungoti tsopano zinkadziwa njira ya kwathu.

Tchire la kumtunda analitchetcha okha, zitsa anazula okha. Pofika mwezi wotentha mizere inali itakwera phiri lonse, yopingasa monga ankanenera alangizi, mpaka pachulu penipeni. Nazale kudambo inali biriwiri. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsana ngati ndaitana aganyu.

Koma kuwokera fodya si ntchito ya anthu awiri. Mbande zikazulidwa zimafuna kulowa m'dothi tsiku lomwelo, nthaka ikadali yonyowa, dzuwa lisanazipeze. Munda waukulu chotero unkafuna dima, loti mudzi wonse ubwere kudzathandiza. Ndipo dima kwathu linkayenda ndi mowa wa masese. Vuto silinali kufulula ayi. Vuto linali mwambo woti mowa usanagawidwe, mwini dima amayamba watunga chipanda n'kumwa pamaso pa onse, kuchotsa mankhwala, kuti anthu aone kuti mulibe choipa. Akakana, palibe amene angaulawe, ndipo palibenso amene angakhale. Ine amuna anga ndinkawadziwa. Kwa iwo kunalibe kulawa. Chipanda chimodzi chikanaitana mbiya yonse, mbiyayo n'kuitana Madisi.

"Tiphika thobwa," anatero mvula itayamba kugwa mwamphamvu. "Lambiri, lokoma, la chimera cha mawere."

A Elifala atamva anaseka mpaka kukhala pansi. "Dima la thobwa? Andireya, ukufuna tikuwokerere fodya kapena tikuimbire kwaya?"

Tsikulo linafika, Loweruka, mvula itagwa bwino dzulo lake. Tinalawirira kudambo kukazula mbande, tinadzaza madengu, tinafunditsa ziguduli zonyowa n'kukwera nazo kumunda. Kubwerera m'mbuyo kunalibenso. Tinapeza kwafika mayi Manesi, mnzanga wa ku tchalitchi, wamkamwa mosagona ntchentche, ndi amayi ena ochepa. Mwamuna analipo mmodzi yekha, wanga. Ndinayang'ana mizere ija ikukwera phiri, ndinayang'ana madengu, ndinayang'ana kum'mawa komwe mitambo inali itayamba kung'ambika.

Tisanawokere n'komwe mzere woyamba tinamva phokoso kumunsi. Anali a Yosefe, patsogolo pawo akazi awo atasenza mbiya yaikulu, thovu likusefukira m'mbali. Pambuyo pawo amuna a mudzi wonse, a Elifala ali pakati, akuyenda monyadira ngati akuperekeza mkwati.

"Ndamva kuti dima lasowa anthu," anatero alongo anga mbiya itatulidwa pansi pa mtengo. "Ndakubweretserani anthu."

Anthu anawabweretsadi, zimenezo sindikana. Koma ankafunanso kuona ndi maso awo ngati mkamwini wawo wasiyadi, kapena wangopumira. Amuna aja anakhala pansi mozungulira mbiya, palibe amene anayang'ana madengu. A Yosefe anatunga chipanda chodzaza, nachilunjikitsa kwa amuna anga.

"Mwini dima, tichotsereni mankhwala tiyambe ntchito."

Maso onse anali pa amuna anga. Akakana, amuna onsewo adzuka n'kumapita, mbande zifota m'madengu, munda sudzaza, mphasa ikulungidwa. Akamwa, munda udzaza lero, koma mwamuna amene ndinamupeza miyezi imeneyi ndimutaya pomwepo. Ndinkafuna kulumpha n'kukankha mbiyayo, mayi Manesi anandigwira chitenje.

A Andireya analandira chipanda ndi manja awiri. Fungo linawafika, ndinaona pakhosi pawo pakuyenda. Anachiyang'ana nthawi yaitali kwambiri kwa ine. Kenako ananjuta, nachibweza kwa a Yosefe, akadachigwira ndi manja awiri omwewo.

"Alamu, mundikhululukire. Mowawu afulula ndi akazi anu, mwausenzetsa ndinu. Munda uno mwandiuza kambirimbiri kuti ndi wa amayi anu, ine ndine wobwera chabe ndi khasu. Ndiyambe bwanji kumwa mwini munda ali chiimire? Ungakhale mwano umenewo. Chotsani ndinu."

Mkulu wina wa imvi anagwedeza mutu. "Akunena zoona mkamwiniyu. Mwini nthaka alipo."

Phwete loyamba linachokera kwa mayi Manesi, kenako bwalo lonse linaphulika. Alongo anga anayang'ana uku ndi uku, koma mawuwo anali awo omwe, sakanawakana pamaso pa anthu. Anapendeketsa chipanda namwa, thovu lili pandevu.

A Elifala anali atatambasula kale dzanja, koma amuna anga anathyola masamba n'kuvundikira mbiya.

"Mankhwala achoka. Tsono mowawu udikire pamthunzi mpaka phando lomaliza, monga ankachitira makolo. Panopa pali thobwa, aliyense amwe akhute. Ndipo tamverani. Tiziyambira pamodzi, aliyense mzere wake. Amene atsirize mzere wake ine ndisanatsirize wanga, ngakhale kamodzi kokha, atenge mbuzi yofiira ija."

"Mbuzi yanga?" ndinakuwa ndisanaganize. "Bambo a Susana, mwapenga?"

Anandiyang'ana n'kutsinzinira diso limodzi. Ndikanakhala pafupi ndikanawatsina.

Amuna aja anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Onse ankamudziwa Andireya wa chifuwa, wopumira pakati pa mzere, ndipo aliyense ankaiona kale mbuziyo ili m'khola mwake. Anagugudiza thobwa mothamanga, anapinda mabuluku, anandanda kumayambiriro kwa mizere. Ife amayi tinatenga madengu kuti tiziponya mbande pamapando patsogolo pawo. Mayi Manesi anadziika okha kukhala woweruza.

"Ine ndizibwera pambuyo ndikukoka tsamba," anatero. "Mbande ikazuka, ndiye kuti sunatsendere, mzere wakowo sitiwerenga. Pano sitikubzala nthenga za nkhuku."

Anaomba m'manja, misana yonse inawerama.

Mzere woyamba mtima unandichoka. A Elifala ndi wamtali, manja ngati mipini, ndipo anauyamba ndi ukali. Anasiya onse, anasiya ngakhale amuna anga, nafika kumapeto akukuwa kuti wina akamasule mbuzi. Koma mayi Manesi ankabwera pambuyo pawo akuzula mbande imodziimodzi ndi zala ziwiri, n'kumaziimika m'mwamba kuti aliyense aone.

"A Elifala, izi mwawokera kapena mwangozigoneka kuti zipume?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwera m'ngalande. A Elifala anabwerera kukayambiranso akung'ung'udza, ife tinakwera mizere ina.

Kuyambira pamenepo ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Amuna anga sankathamanga ayi. Ankangoyenda mofanana, kuboola, kuika, kutsendera, phazi patsogolo, kuboola, kuika, kutsendera, osaweramuka, osayang'ana kumbali. Ine ndinkaponya mbande patsogolo pawo ndipo ndinkachita kuthamanga kuti asandiponde. Mpweya wawo unkamveka bwinobwino, wopanda kaphokoso ka m'chifuwa. Anzawo ankayamba mzere ngati moto wa udzu, pofika pakati ali wefuwefu, dzanja lili m'chiuno. Wina anayamba kutsokomola, chifuwa chomwe chija chinkakhala kwathu, ndipo ndinachizindikira ngati mlendo wakale.

Amayi anayambitsa nyimbo, yongopeka pomwepo, yotchula mayina a amene atsalira. Aliyense wotchulidwa ankalusa n'kuwonjezera liwiro. Amuna anayamba kupangana, ena azipuma kuti alowe ndi mphamvu zatsopano mzere wotsatira. Sizinathandize. Wopuma ankalowa, kulimbana nawo mpaka pafupi ndi kumapeto, kenako a Andireya ankangomusiya pang'onopang'ono, n'kukaima kumapeto akupukuta manja pa buluku, akufunsa mwaulemu ngati wina akufuna madzi. Anthu a kumidzi ya kutsidya, omwe ankapita kuchigayo, anatula matumba awo n'kuima m'mphepete kuonerera, ena mpaka analowa nawo. Madengu ankatha, atsikana ankathamangira kudambo kukazula mbande zina. Ndikacheuka kumbuyo ndinkaona phiri lomwe linali lofiira m'mawa likusanduka la timadontho tobiriwira, mzere pamwamba pa mzere, ndipo ndinkaimba mokweza kuposa onse, ine amene kwaya inandikana.

Dzuwa linatuluka lamphamvu tili pafupi ndi chulu. Mbande za m'dengu lomaliza zinayamba kugwetsa makutu, tinaziwaza madzi. Inatsala mizere iwiri yokha, yaitali kuposa yonse, yozungulira chulu. Amuna ena onse anali atagonja, ali ngundangunda pansi pa mtengo, maso ali pambiya koma mphamvu yoti aivundukule palibe. Apo m'pamene alongo anga, omwe nthawi yonseyi anangoima manja ali kumbuyo, anavula malaya.

A Yosefe sanali munthu wamasewera pa ntchito. Nkhokwe zawo zinkadzaza chaka chilichonse, ndipo tsikulo anali asanawerame n'kamodzi komwe. Amuna anga anali atawokera kuyambira m'mawa, thukuta lili kamukamu.

"Mbuzi sindikuifuna," anatero alongo anga. "Ndikufuna ndione."

Ogona aja anadzuka. Akazi a alongo anga anatenga mbande zoponyera amuna awo, ine ndinatenga za anga. Mayi Manesi anaomba m'manja.

Anayenda phewa ndi phewa. Wina akatsogola ndi phando limodzi, mnzake ankabweza. Nyimbo inatha, kunatsala kukuwa kokhakokha, ena a Yosefe, ena Andireya, ndipo a Elifala, omwe aja a mluzu, ndi amene ankakuwa dzina la mnzawo mpaka mawu kusasa. Chifukwa cha phuma mbande ina ndinaiponya pambali, amuna anga anaitola osaphonya sitepe. Pokhota pachulu ndinamva mpweya wa alongo anga ukulira. Anatsalira ndi phando limodzi, kenako awiri, kenako ndinasiya kucheuka. Mbande yomaliza inachoka m'manja mwanga, a Andireya anaiika, anaitsendera ndi zala zonse.

Nthungululu zinang'amba phiri. Koma iwo sanaweramuke kuti anyade. Anadumphira pa mzere wa alamu awo, anayambira kumapeto kwake n'kumawokera chobwerera, mpaka awiriwo anakumana mitu pa phando limodzi. A Yosefe anaika mbande, a Andireya anatsendera. Munda unadzaza mpaka pachulu.

Mbiya inavundukulidwa, amuna anaiunjirira. Amuna anga anakakhala patali pang'ono ndi chikho cha thobwa, miyendo atatambasula, akuseka zomwe ankanena a Elifala. Kumadzulo mitambo inali itayambanso kuda, mvula yoti idzakhazikitse mbande.

Alongo anga sanapite kumowa. Anayenda m'mizere okha, kuchokera pachulu mpaka kumunsi, akuwerama apa ndi apo kukoka tsamba. Palibe inazuka. Atabwerera anadzaima pafupi ndi ine, malaya ali paphewa, akupumabe mwamphamvu.

"Felista."

"Wawa."

"Uwauze bambo a Susana kuti dothi labwino la njerwa lili kuseri kwa nkhokwe zanga. Mvula ikatha ayambe kuumba. Chikombole adzatenge kwa ine."

Ananena zomwezo basi, n'kumapita kukalandira chipanda chawo.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Pamudzi pathu mkamwini sankaumba njerwa. Nyumba yake inkakhala ya mitengo ndi dothi lophoma, yoti tsiku lochoka isamuvute kuisiya. Chibadwire changa ndinali ndisanaone mwini mbumba akuuza mwamuna wobwera kuti amange ya njerwa.

A Andireya anandiona ndili pansi, anabwera mothamanga, chikho chili m'manja.

"Mayi a Susana, mwatani? Anena chiyani alamu? Pali mzere walakwika?"

Misozi inayamba kutsika. Ndinangowagwira dzanja lawo lamatopelo, pamaso pa alongo anga ndi mudzi wonse, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikwatiwire, ndipo sindinalisiye.